Zimene Zimachitika Mumtima mwa Munthu Akauzidwa Kuti Ali ndi Chifuwa Chachikulu

Nkhani ya zaumoyo ya sabata ino ikunena za matenda amene omvera onse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, akuwadziwa bwino, ndiwo chifuwa chachikulu, chimene ambiri amangochitchula kuti TB. Za tizilombo toyambitsa matendawa, za kutsokomola kosatha, za kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, zanenedwa kambirimbiri pa wailesi, m'zipatala ndi pamisonkhano ya m'midzi. Koma pali mbali ina imene kawirikawiri imasiyidwa, ndiyo zimene zimachitika mumtima mwa munthu pa tsiku limene wabwerera kuchipatala kukamva zotsatira za makhololo ake, nauzidwa kuti tizilombo tapezeka. Mbali imeneyi si yaing'ono ayi, pakuti kuti munthu achire ayenera kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo palibe amene angapirire ulendo wautali chotere ngati mtima wake wafooka pa tsiku loyamba lomwe.

Chinthu choyamba chimene anamwino ndi madokotala amachiona kawirikawiri ndicho kukhala chete. Anthu amaganiza kuti munthu akamva nkhani yotere amalira kapena kufunsa mafunso ambiri, koma si ambiri amene amatero. Wodwala amangoti kakasi, maso ali pansi, nkumavomera chilichonse. Akamufotokozera za kamwedwe ka mankhwala, iye amati, "Inde, adokotala." Akamuuza tsiku lodzabweranso, amati, "Chabwino, adokotala." Akamufunsa ngati pali chimene sanamvetse, amapukusa mutu. Wachipatala, poona mzere wautali umene uli panja, amayesa kuti zonse zamveka, naitana wotsatira. Komatu zoona zake nzakuti makutu a wodwalayo amatsekeka pomwe latuluka liwu lakuti TB, ndipo zonse zonenedwa pambuyo pake zimangodutsa. Ulemu umene Amalawi adaleredwa nawo, wosafuna kuvutitsa munthu wa udindo ndi mafunso, umaphimba chisokonezo chachikulu chimene chili m'kati.

Zotsatira zake zimaoneka madzulo a tsiku lomwelo. Munthu amafika kunyumba ndi mapilitsi m'thumba, koma sakukumbukira kuti amwe angati ndiponso nthawi yanji. Wodwala amayamba ndi mankhwala anayi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, amene masiku ano amaphatikizidwa m'pilitsi limodzi, ndipo mwa anayiwa, rifampicin amasandutsa mkodzo kukhala wofiira. Zimenezi sizoopsa konse, ndipo kuchipatala amazinena ndithu, koma amazinena pa nthawi ija makutu anali otseka. Tsono munthu amene wamva m'mawa kuti ali ndi TB, akaona usiku kuti akukodza zofiira, amati magazi ayamba, mankhwalawa akumupha, ndipo alipo ena amene amasiyira pomwepo. Nchifukwa chake nkwabwino kuti wopita kukamva zotsatira apite ndi mbale wake kapena mnzake womukhulupirira, kuti pamene mwini wake sakumva, wina akhale akumumvera.

Chimene chimatseka makutu ndi mantha a imfa, ndipo mantha amenewa sayenera kusekedwa, pakuti ali ndi mbiri yake. Pa 24 Malichi 1882, mumzinda wa Berlin, Robert Koch adalengeza kuti wapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu, ndipo ndicho chifukwa chake tsikuli limakumbukiridwa chaka ndi chaka pa dziko lonse. Koma kudziwa mdani si kumugonjetsa. Padapita zaka zoposa 60 mankhwala enieni asanapezeke: streptomycin adatulukira mu 1943, isoniazid mu 1952. M'zaka zonsezo, kuuzidwa kuti uli ndi chifuwa chachikulu kudali ngati kuuzidwa kuti ukonzekere ulendo. Kuno kwathu akuluakulu akukumbukira amuna amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba ali amphamvu, nabwerako ndi sutikesi, chipewa, ndi chifuwa chosamva mankhwala a sitolo. Fumbi la miyala ya m'migodi ya golide linkawononga mapapo awo, TB nkupezerapo mwayi, ndipo odwala ambiri ankangobwezedwa kwawo kuti akathere m'manja mwa abale.

Boma la Malawi lidakhazikitsa ntchito yolimbana ndi TB mu 1964, ndipo mu 1984 dziko lino lidayamba njira yatsopano ya mankhwala a nthawi yaifupi imene idaoneka kuti ikuthandiza. Masiku amenewo wodwala amene tizilombo taoneka m'makhololo ake ankagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri, akubayidwa jakisoni tsiku lililonse. Koma chiyembekezo chisanakhazikike, kudabwera kachilombo ka HIV, kamene wodwala woyamba adadziwika muno mu 1985. Chaka chimenecho odwala TB olembedwa m'mabuku a zipatala adali pafupifupi 5,000. Pofika kumayambiriro kwa zaka za 2000 adali atapitirira 25,000 pachaka. Mawodi adadzaza, ena nkumagona pansi. Mu 2000, mwa odwala TB anayi alionse, pafupifupi atatu adalinso ndi HIV, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adali asanayambe kuperekedwa mwaulere. Adayamba mu 2004. Pakati pa zaka za 1990, pafupifupi mmodzi mwa odwala asanu alionse ankamwalira asanatsirize mankhwala.

Munthu amene lero ali ndi zaka 40 kapena 50 adakula akuona zimenezi ndi maso ake. Adaona amalume ake akutsokomola, akuonda, akupita ku wodi ya TB, osabwerako. Tsono akamva liwu lomwelo likunenedwa pa iye, chimene chimabwera m'maganizo mwake si ziwerengero za lero, koma nkhope ya amalume aja. Ziwerengero za lero nzosiyana kwambiri: mwa odwala 10 alionse amene amayamba mankhwala m'Malawi, pafupifupi 9 amatsiriza bwino, ndipo kugonekedwa miyezi iwiri kuja kudatha kalekale, anthu ambiri amamwera mankhwala kunyumba. Mantha atsalira m'mbuyo zaka 30, ndipo ndi ntchito ya wachipatala kuwakokera ku tsiku la lero ndi mawu omveka: matendawa amachizika, mankhwala alipo, ndipo ndi aulere.

Pa mantha a imfa pamabwera ena, amene kwa anthu ambiri ndiwo aakulu koposa. Wodwala TB aliyense amalangizidwa kuti ayezetsenso magazi, ndipo nkoyenera kutero, pakuti ngakhale chiwerengero chatsika, pafupifupi theka la odwala TB muno amakhala ndi HIV. Koma theka ndi theka; ena otsalawo alibe. Vuto nlakuti m'midzi ndi m'matauni momwe, anthu adagwirizanitsa matenda awiriwa kukhala amodzi, kotero kuti munthu akangoonda ndi kutsokomola, mphekesera zimakhala zaweruza kale. Wodwala amadziwa zimenezi bwino lomwe, chifukwa mwina iyenso adanenapo anzake. Motero asanatuluke m'chipinda cha adokotala amakhala wayamba kale kuwerenga anthu amene sayenera kudziwa: apongozi, abwana a kuntchito, anzake a kukwaya, mwini nyumba. Ena amasankha kukalandira mankhwala ku chipatala chakutali, nawononga ndalama zoyendera zimene zikadagula chakudya, pongofuna kuti asakumane ndi mnansi pamzere. Ena amabisa mapilitsi pansi pa mphasa nkumamwa mobisa, ndipo tsiku limene kwabwera alendo mankhwala samwedwa.

M'banja nkhaniyi imafika ngati mlandu. Makolo athu adali ndi matenda awo amene ankawadziwa ndi maina: tsempho kapena mdulo, ndi kanyera. Zizindikiro zimene ankazitchula, monga kutsokomola, kupweteka kwa m'chifuwa, kuonda ndi kufooka, zimafanana kwambiri ndi za chifuwa chachikulu, ndipo chiyambi chake ankati ndi kulakwira mwambo: mwamuna wayenda kunja kwa banja, mkazi wathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera, kapena awiri akhala malo amodzi nthawi isanakwane mayi atachira kapena atapita padera. Cholinga cha nkhani ino si kunyoza miyambo, imene idali ndi ntchito yake yosunga mabanja. Koma munthu woona zinthu mwachilungamo ayenera kuvomereza kuti pa nkhani ya TB, maganizo amenewa amabweretsa zovuta ziwiri. Choyamba, amachedwetsa: munthu amamwa zitsamba za tsempho miyezi ingapo, akutsokomolera ana m'nyumba, tizilombo tikudya mapapo. Chachiwiri, ndipo ichi chimapweteka kwambiri, amafuna wolakwa. Wodwala akabwera ndi khadi lake kuchokera kuchipatala, funso loyamba silikhala lakuti, "Mwamva bwanji m'thupimo?" koma lakuti, "Mwazitenga kuti?" Mkazi amayang'ana mwamuna, mwamuna amayang'ana mkazi, apongozi amayang'ana onse awiri, ankhoswe amaitanidwa, ndipo munthu amene akufunika phala ndi mpumulo amapezeka ali pabwalo kudziteteza.

Funso lakuti "mwazitenga kuti" kawirikawiri lilibe yankho. Tizilombo ta TB timayenda mumpweya, pamene wodwala amene sadayambe mankhwala akutsokomola, kuyetsemula kapena kulankhula m'malo opanda mphepo yokwanira. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi adapumapo tizilomboti ndi kutilandira m'thupi, koma mwa anthu 100 otere, amene amadzadwala m'moyo wawo wonse ndi pakati pa 5 ndi 10 okha. Tizilombo tikhoza kugona m'thupi zaka zambiri, nkudzadzuka thupi likafooka ndi njala, HIV, matenda a shuga, fodya kapena mowa. Ndiye kuti amene wadwala lero mwina adatipuma kalekale m'minibasi ya mawindo otseka, m'kalasi, m'tchalitchi, m'ndende, kapena pamaliro pamene adagona m'nyumba yodzaza. Palibe chimo limene adachita. Adangopuma, monga amachitira wina aliyense.

Alipo ena amene amakana. Amati makina alakwitsa, kapena kabotolo kasinthanitsidwa ndi ka munthu wina, kapena ichi nchifuwa cha fumbi chabe chimene chidzatha mvula ikagwa. Mu 1969 dokotala wina, Elisabeth Kübler-Ross, adalemba buku lotchuka lonena kuti munthu wouzidwa za matenda oopsa amadutsa m'magawo asanu: kukana, mkwiyo, kuchonderera, kukhumudwa, kenaka kuvomereza. Maganizo amenewa amaphunzitsidwa kwambiri, ndipo muli nzeru ndithu, koma iye ankalemba za anthu amene ali pafupi kufa, pamene wodwala TB ali pafupi kuchira. Ndiponso mtima wa munthu suyenda motsata ndondomeko ya m'buku. Wina amavomereza Lolemba, nakana Lachitatu, nakwiya Loweruka atamva zimene mlamu wake wanena kuchitsime.

Kukana kumaoneka kwambiri mwa amuna, amenenso ndiwo amadwala TB kuposa akazi. Kafukufuku amene adachitika mumzinda wa Blantyre, nasindikizidwa mu 2014, adapeza kuti amuna ambiri amazengereza kupita kuchipatala ndi chifuwa chokhalitsa chifukwa amaona kuti kudwala kumawachotsera ulemu wa mutu wa banja, ndiponso kuti tsiku limene ali pamzere ndi tsiku limene ana sadya. Mwamuna wotere amapirira, akugula mapilitsi a pagolosale, mpaka tsiku limene watsokomola magazi kapena walephera kudzuka. Akauzidwa kuti ndi TB, mantha ake oyamba nthawi zina sakhala a imfa konse koma a ntchito. Wa kabaza amadziwa kuti sangapalase ndi mapapo otere. Wa ganyu, wonyamula katundu pamsika, mlonda wa usiku, tenanti wa paesiteti ya fodya, onsewa alibe tchuthi cha odwala. Dokotala akamati apumule ndi kudya bwino, iye mumtima amafunsa kuti adya chiyani akapumula. Ndipo mankhwala akayamba kugwira ntchito, chilakolako cha chakudya chimabwerera mwamphamvu, pa nthawi yomweyo imene m'nyumba mulibe ufa. Mkwiyo umene abale amauona mwa wodwala, kukalipa popanda chifukwa, kukana kulankhula, kawirikawiri ndi manyazi a munthu amene adazolowera kudyetsa ena, tsono akudyetsedwa.

Komabe pali chinthu china chimene chimadabwitsa achipatala atsopano pa ntchito: odwala ena akauzidwa kuti ndi TB amapuma mpweya wautali, nkhope nkumasuka. Amenewa ndi aja ayenda ulendo wautali. Adayamba ndi mankhwala a chifuwa a pagolosale, adapita kuchipatala napatsidwa mankhwala a malungo kapena a chibayo, adapita kwa sing'anga nauzidwa kuti walodzedwa ndi mbale wake, adapemphereredwa, adagulitsa mbuzi, koma thupi likungotha. Ofufuza a mumzinda wa Lilongwe adasonyeza mu 2007 kuti ngakhale chithandizo cha TB nchaulere, wodwala ankataya pafupifupi masabata atatu a ntchito pongofunafuna kuti adziwe chimene akudwala, ndipo osauka ankawononga ndalama zoposa kawiri zimene amapeza pamwezi. Kwa munthu wotere, kumva dzina la matenda ake ndi mpumulo. Chinthu chopanda dzina chimene chinkamudya chapezeka, ndipo chili ndi mankhwala. Ngakhale mbale uja ankamuganizira za ufiti wamasuka. Masiku ano ulendowu wafupika m'malo ambiri, pakuti makina otchedwa GeneXpert, amene bungwe la WHO lidawavomereza mu 2010, amatha kupereka yankho m'maola awiri, ndipo m'midzi yambiri muli anthu odzipereka amene amatolera makhololo ndi kuwapititsa kuchipatala.

Amayi ali ndi zawo. Mayi akauzidwa, maganizo ake amathamangira kwa mwana amene ali kumbuyo: wakhala akugona naye mphasa imodzi, akumuyamwitsa, akumutsokomolera. Amadziimba mlandu, ndipo ena amafuna kumuletsa kuyamwa tsiku lomwelo. Kumeneko nkulakwitsa, chifukwa TB siyenda mumkaka wa m'mawere, ndipo mayi amene ali pa mankhwala amalangizidwa kupitiriza kuyamwitsa. Choyenera nkutengera ana onse a m'nyumbamo kuchipatala kuti akawaone, makamaka osakwana zaka zisanu, amene akapezeka kuti sadadwale amapatsidwa mankhwala owateteza. Mayi amene wauzidwa kuti pali chimene angachitire ana ake amatuluka m'chipatala ali munthu wina. Nkhawa yake ina ndi ya banja lenilenilo. Mwamuna akadwala, mkazi amamusamala. Mkazi akadwala, si kamodzi kapena kawiri pamene amauzidwa kuti apite kwawo akachire kaye, ndipo ulendo wa "kukachira kaye" umenewu ena sabwerako. Mtsikana wosakwatiwa amaopa kuti mbiri idzamutsata, pakuti alipobe anthu amene amakhulupirira kuti chifuwa chachikulu nchakumtundu. Sichakumtundu ayi. Chimaoneka ngati chikuyenda m'banja chifukwa a banja limodzi amapuma mpweya wa m'nyumba imodzi.

Tsono pali nkhani ya mbale ndi kapu. M'makomo ambiri, wodwala akangofika, amamupatulira mbale yake, kapu yake, supuni yake, nthawi zina ndi kuzilemba chizindikiro, ndipo nsima amamupatsira payekha. Abale amachita izi ndi mtima wabwino, poganiza kuti akuteteza ana. Koma tizilombo ta TB sitiyenda m'mbale, m'kapu, m'zovala kapena pogwirana chanza. Chimene chimateteza a m'nyumba ndi kutsekula mawindo ndi zitseko, kukhala panja masana, kutseka pakamwa potsokomola, kugona payekha masabata oyambirira ngati malo alipo, ndipo koposa zonse, kumwa mankhwala, pakuti wodwala amene akumwa mankhwala omuyenera amaleka msanga kupatsira ena, kawirikawiri pakatha masabata awiri okha. Mbale yopatula ija siteteza munthu aliyense, koma imalankhula mokweza katatu patsiku. Kwa Mmalawi, kudyera pamodzi ndicho chizindikiro chakuti ndiwe wa pakhomo pano. Munthu amene wachotsedwa pa mbale ya banja amamva ngati maliro ake ayamba iye akali moyo, ndipo anthu ochira amaikumbukira mbale imeneyi zaka zambiri ataiwala kuwawa kwa mapilitsi.

Masabata akamapita, mantha oyamba aja amachepa, koma kwa ena m'malo mwake mumalowa chinthu cholemera, chimene a zachipatala amachitcha matenda a kukhumudwa. Munthu amaleka kusamba, safuna kuona anthu, tulo sabwera kapena amangogona tsiku lonse, amadziona wachabechabe ndi mtolo kwa abale, ndipo nthawi zina amalankhula zakuti kukadakhala bwino akadangofa. Nchosavuta kuziphonya zimenezi, chifukwa kufooka, kusadya ndi kuonda ndi zizindikiro za TB yomwe, kotero abale ndi anamwino amati ndi matenda omwewo. Komatu si nkhani yongodikira kuti idzatha yokha. Kafukufuku wa ku Ethiopia wosindikizidwa mu 2018 adapeza kuti odwala TB amene adali ndi matenda a kukhumudwa osathandizidwa ankasiya mankhwala panjira ndiponso kumwalira kuposa anzawo. Wosamalira wodwala akamva mawu ofuna imfa, asawatenge ngati nthabwala kapena kudandaula wamba. Akauze namwino kapena mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo, pakuti matenda a maganizo nawonso ali ndi chithandizo.

Ngozi ina imabwera ndi chimwemwe. Pofika mwezi wachiwiri chifuwa chimakhala chaleka, thupi labwerera, anthu ayamba kunena kuti wanenepa. Wodwala, amene wakhala akulakalaka kuiwala zonsezi, amaona mapilitsi ngati chikumbutso cha manyazi ake, ndipo amati wachira. Koma miyezi iwiri yoyamba imapha tizilombo tambiri, osati tonse. Miyezi inayi yotsatira, ya mankhwala awiri, ndiyo imatsiriza totsalira tobisala. Wosiyira panjira amadwalanso, ndipo nthawi zina amadwala TB yosamva mankhwala wamba. Kuuzidwa kachiwiri kumapweteka kuposa koyamba, chifukwa tsopano pa mantha pamaonjezereka kudziimba mlandu. Kale TB yosamva mankhwala inkafuna chithandizo cha zaka pafupifupi ziwiri, ndi jakisoni amene ena ankawagonthetsa makutu, ndiponso mankhwala ena amene ankasokoneza maganizo. Mu 2022 bungwe la WHO lidavomereza chithandizo cha miyezi isanu ndi umodzi cha mapilitsi okhaokha kwa odwala ambiri otere. Wobwerera kuchipatala atasiya mankhwala amabwera akunjenjemera, akuyembekeza kukalipiridwa, ndipo wachipatala amene amamulandira ndi chipongwe amakhala akuphunzitsa ena onse a pamzerewo kuti akadzalakwitsa asadzabwerenso.

Nanga chimene chimalimbitsa mtima wa wodwala nchiyani? Mbiri ya anthu awiri odziwika a ku South Africa ikuthandiza kuyankha. Desmond Tutu adadwala TB mu 1947 ali mnyamata wa pasukulu, ndipo adagona m'chipatala cha Rietfontein miyezi yosachepera 18, pa nthawi imene mankhwala amakono adali asanafalikire ndipo odwala anzake ankamwalira iye akuona. Wansembe wina wa mpingo wa Anglican, Trevor Huddleston, ankabwera kudzamuona kawirikawiri, atamutengera mabuku. Huddleston sadali dokotala ndipo sadabwere ndi mankhwala. Adangokana kumusiya yekha mwana wa anthu osauka amene ena akadamuiwala. Tutu adachira, nadzakhala Arkibishopu wa Cape Town, ndipo adamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90. Nelson Mandela nayenso adapezeka ndi TB mu 1988 ali mkaidi ku ndende ya Pollsmoor, nathandizidwa ku chipatala cha Tygerberg. Adachira, ndipo mu 2004, pa msonkhano waukulu wa za Edzi mumzinda wa Bangkok, adaimirira pamaso pa dziko lonse nafotokoza za kudwala kwake. Adakhala ndi moyo mpaka 2013.

Woyamba adalimbikitsidwa ndi mlendo wobwera kudzakhala pambali pa bedi. Wachiwiri adalimbikitsa ena pongonena poyera kuti adadwalapo. Zonse ziwiri nzotheka pamudzi uliwonse. Mawu a namwino akuti "mudzachira" ali ndi mphamvu, koma saposa kuona munthu wa mudzi womwewo, wonenepa, atasenza thumba la chimanga, akunena kuti iyenso adali pamzere womwewu zaka zitatu zapitazo. Ndiyo nzeru imene ili m'magulu a anthu amene adadwalapo TB, monga bungwe la Paradiso TB Patients Trust la ku Lilongwe, amene amayendera odwala atsopano. Mafumu, abusa ndi mashehe nawonso ali ndi gawo lawo, pakuti liwu limodzi lonenedwa pamaliro kapena pa chipembedzo limafika kumene chikwangwani cha kuchipatala sichifika. Ndipo amene wasankhidwa kuti aziyang'anira wodwala pomwa mankhwala ndi kulemba pakhadi asakhale ngati wapolisi woyang'anira mkaidi. Abwere ndi madzi, akhale pansi, afunse za usiku, amve ngati mapazi ayamba kuchita dzanzi, chimene isoniazid nthawi zina amayambitsa ndipo kuchipatala ali ndi mapilitsi ochithetsa. Maso akasanduka achikasu, kapena thupi likatuluka ziwengo zambiri, kapena kuona kukayamba kuvuta, amuperekeze kuchipatala msanga m'malo momulola kuti asiye yekha mwakachetechete.

Kwa achipatala, pempho la odwala si lalikulu. Nkhani inenedwe pamalo obisika, osati pawindo pamene mzere wonse ukumva. Mawu akuti matendawa amachizika anenedwe koyambirira, makutu asanatsekeke. Za mkodzo wofiira zinenedwe kawiri. Ndipo wodwala afunsidwe kuti chimene chikumudetsa nkhawa kwambiri nchiyani, pakuti yankho lake kawirikawiri silikhala limene wachipatala amayembekeza: wina ndi lendi ya nyumba, wina ndi mayeso a Fomu 4, wina ndi momwe akawauzire amayi ake okalamba amene adaika kale ana awiri.

Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi makhololo amayezedwanso komaliza, khadi limatsekedwa, ndipo munthu amauzidwa kuti wachira. Ambiri amasangalala, koma si onse amene mantha amawathera tsiku lomwelo. Ena amatsala ndi zipsera m'mapapo, kotero kuti amapuma movutikira akakwera phiri kapena amatsokomolabe nyengo yozizira, ndipo chimfine chilichonse chimawakumbutsa za chipinda chija. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, chifukwa munthu amene adadwalapo TB akhoza kudwalanso, ndipo kuchira sikupereka chitetezo cha moyo wonse. Wochira akaona kuti chifuwa chabwerera ndipo chatha masabata awiri, kapena thukuta la usiku layambanso, atenge khadi lake lakale apite nalo kuchipatala akayezetse, ndipo ngati nkotheka apite ndi munthu yemwe uja adamuperekeza ulendo woyamba.